Mlendo akapita, kalabu imatsala ndi chiyani? Mfundo zofunika kuzilingalira

Dera la kumwera kwa Lilongwe silisowa alendo. Galimoto ya bungwe ikanyamuka mumzinda m'mawa, kaya yadzera msewu wa ku Bunda kulowera ku Mitundu, kaya yatsata M1 kulowera ku Nathenje, dzuwa lisanatenthe yafika, ndipo madzulo eni ake amakagona kwawo. N'chifukwa chake makalabu athu a alimi, a banki m'khonde, a achinyamata, makomiti a mjigo ndi a nkhalango, amalandira odzayankhula ambiri kuposa anzathu okhala kutali ndi tala. Umenewu ndi mwayi ndithu. Koma m'kuona kwanga, gulu limene lalandira alendo ambiri si limene kawirikawiri limasintha mudzi. Limene limasintha mudzi ndi lomwe mamembala ake amadziwa chochita pa masabata aja pamene kulibe mlendo aliyense. Mfundo zotsatirazi ndazilembera apampando, alembi, asungichuma, mamembala wamba, ndiponso iwo amene amaitanidwa kudzayankhula.

1. Phindu la mlendo limaoneka iye atapita.

Pa 30 Juni 1925, ku Cedar Point m'chigawo cha Ohio ku America, mayi wina dzina lake Helen Keller anaima pa msonkhano waukulu wa makalabu a Lions. Mayiyu anasiya kuona ndi kumva asanakwanitse zaka ziwiri chifukwa cha matenda. Bungwe la Lions linali lidakali laling'ono, poti linayamba mu 1917 mumzinda wa Chicago, ndipo ambiri mwa mamembala ake anali amuna ochita malonda amene ankafuna kuthandiza m'madera mwawo. Mayi Keller sanayankhule nthawi yaitali. Anawapempha chinthu chimodzi chokha, kuti adzipereke kumenyera nkhondo anthu osaona. Iwo anavomera, naisandutsa ntchito yawo yaikulu. Lero pa Chipatala Chachikulu cha Kamuzu mumzinda wa Lilongwe pali chipatala cha maso chodziwika ndi dzina la Lions, ndipo wodwala maso wochokera ku Mitundu akatumizidwa kumeneko amalandira chithandizo chimene gwero lake ndi pempho la mayi uja.

Timamukumbukira Helen Keller chifukwa cha zimene omvera ake anachita atabwerera kwawo. Akanangowomba m'manja n'kubalalika, tsikulo likanaiwalika kalekale. Kwathu kuno msonkhano ukatha timamva anthu akuti, "Koma ndiye amatha kuyankhula bambo aja!" Kuyamikira n'kwabwino, koma wapampando wanzeru salola anthu kunyamuka galimoto ikangotembenuka. Amati, "Tatiyeni tikhale kaye pansi. Pa zonse tamvazi, tichitapo chiti? Achite ndani? Pofika liti?" Ngakhale mutasankha chinthu chimodzi chokha pa zinthu khumi zimene mlendo wanena, tsikulo silinapite pachabe.

2. Mutu wa nkhani usankhidwe ndi eni kalabu.

Nthawi zambiri uthenga umangofika kwa amfumu kuti Lachinayi kukubwera alendo, anthu asonkhane. Chimene akudzanena sitichidziwa mpaka atayamba. Kenako timadabwa kuti anthu akuwodzera. Kalabu yokhwima imakhala pansi chaka chikamayamba n'kulemba zimene zikuisowetsa mtendere, ndipo imaziyala molingana ndi nyengo. Za kasungidwe ka chimanga timve mu Epulo kapena Meyi, tisanakolole n'kuthira m'matumba. Za manyowa a Mbeya, aja osakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza pang'ono n'kuwasunga m'thumba lomanga bwino kwa masabata atatu, timve mu Seputembala, osati chimanga chili m'maondo. Za ntchemberezandonda, mbozi zija zinatipeza m'nyengo ya ulimi ya 2016/17 ndipo sizinachokenso, timve mvula isanagwe, kuti aliyense adziwe kuyendera munda wake ndi kusuzumira mumtima mwa chimanga mbozi zikadali zazing'ono. Amene waitanidwa ndi kalata yonena kuti "tikufuna mudzatithandize pa vuto lakutilakuti" amakonzekera mosiyana ndi amene wangobwera kudzakwaniritsa ndondomeko ya ku ofesi kwake.

3. Woyankhula wabwino amasiya mpata woti ayankhidwe.

Ndinakhalapo pa msonkhano wa kalabu ina ya alimi m'mudzi wina wa kufupi ndi Mitundu, mtedza utangokumbidwa. Amuna anali pa mabenchi obwereka kusukulu, amayi pansi pa mtengo wa mango, ena akusenda mtedza m'malichero poti manja a mlimi sakhala chabe. Mlendo anali mlangizi wamkazi, wachitsikana ndithu. Nkhani yake inali ya chuku. Anafotokoza bwino kuti chuku chimasiya poizoni mu mtedza ndi m'chimanga, kuti poizoniyo satha ngakhale mutakazinga kapena kuphika, kuti amawononga chiwindi pang'onopang'ono, ndiponso kuti ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinatsekera mtedza wa Malawi misika ya ku Ulaya. Kenako ananena motsindika kuti mchitidwe wowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe posenda uyenera kutha, chifukwa chinyezi chimenecho ndicho chimaitana chuku.

Anthu anavomera ndi mitu. Msonkhano ukanathera pomwepo, aliyense akanapita kwawo n'kukawaza madzi monga mwa masiku onse. Koma wapampando anatembenukira kwa amayi nati, "Kumeneko kuli zii. Amayi, palibe mawu?" Patapita kanthawi, agogo ena anasuntha lichero lawo, natambasula manja onse awiri. Zala zinali zong'ambikang'ambika, chala chachikulu chitachita chikanga.

"Mwana wanga, taona zalazi. Matumba amene ali m'nyumba mwangamo osenda ndine ndekha. Ukandiletsa madzi, undipatsa chiyani?"

Mlangizi uja sanathamangire kuyankha. Anachoka kutsogolo kuja, nakagwada pafupi ndi agogowo, natenga mtedza wouma pang'ono n'kuyesa kusenda yekha. Atasenda ochepa chabe anati, "Agogo, ndamva. Izi sindinaziganizire mokwanira. Tiyeni tithandizane nzeru." Kuyambira pamenepo msonkhano unasanduka wa anthu onse. Bambo wina anati anaonapo makina osendera opukusa ndi manja, ndipo kalabu ingathe kusonkha ndalama n'kumabwereka. Mayi wina anati amene alibe changu asunge mtedza wake m'makoko momwemo, azisenda pang'onopang'ono. Wina anadzutsa nkhani imene mlendo sanaikhudze n'komwe: kuti tikasankha mtedza wabwino wokagulitsa, wonyala ndi wakuda uja ndi umene timasinja nsinjiro zothira m'phala la ana. Pamenepo anthu anangoti kukamwa yasa. Tinazindikira tonse kuti poizoni amene ogula akunja amamukana, ife timamupereka kwa ana athu ndi supuni.

Mfundo imeneyi inatuluka chifukwa cha anthu atatu: wapampando amene anakumbukira kuti pansi pa mtengo palinso anthu, agogo amene sanaope kutsutsa wophunzira, ndi mlangizi amene sanachite manyazi kuphunzitsidwa. Pakanasowa mmodzi mwa atatuwa, nkhani ya nsinjiro sikanamveka. Inu oitanidwa, yankhulani Chichewa chomveka, yezani ndi ndowa, thumba ndi ekala, ndipo theka la nthawi yanu mulisiyire mafunso. Amene mukuyankhula nawowo akhala akulima nthaka imeneyi inu musanabadwe.

4. Nthawi ya mlimi ndi chuma.

Mlendo amene walonjeza 9 koloko n'kufika dzuwa litapendeka walanda anthu tsiku lathunthu, ngakhale atapepesa mokoma chotani. Mayi amene wakhala pa dzuwa ndi mwana kumsana wasiya munda wosapalira ndi mtondo wosasinja. Mafoni alipo, imbani. Nafenso mamembala tisamafike mochedwa n'kumayembekeza kuti ayambirenso chifukwa cha ife. Ndipo m'mudzi mukagwa maliro, msonkhano uimitsidwe popanda kukambirana, mlendo auzidwe msanga.

5. Tisagulitse makutu athu.

"Kodi kusayina kulipo?" Funso limeneli lafala kwambiri moti ena salichitiranso manyazi. Uthenga wa msonkhano ukafika, anthu amayamba afufuza ngati kuli alawansi, Fanta ndi mabisiketi. Kukakhala kulibe, mabenchi amakhala opanda anthu. Kukakhala kuli kanganyase, amabwera ndi omwe sadziwa n'komwe dzina la kalabu, ndipo mayina a achibale amalowa pa pepala.

Sindifuna kuweruza mopupuluma. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitatha, tsiku limodzi pa msonkhano ndi tsiku la ganyu lotayika, ndipo ganyuyo ndiye ufa wa madzulo. Munthu wotere akafunsa za alawansi si dyera ayi, ndi njala. Mlandu wina uli kwa mabungwe amene anazolowetsa anthu, napikisana okhaokha pa kuchuluka kwa ndalama kuti pepala la mayina lidzaze. Komabe chotsatira chake n'chowawa. Tafika poti munthu amafuna kulipidwa kuti amve momwe angatetezere mwana wake yemwe ku matenda.

Chonsecho mtima wothandizana sitinauphunzire kwa alendo. Makolo athu ankaitana dima, anthu n'kulima munda wa mnzawo tsiku limodzi, malipiro ake thobwa kapena mowa ndi kudziwa kuti mawa adzalima kwako. Mpaka lero adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu, nthaka ili gwa, popanda wowalonjeza ndalama. Amayi a Chigwirizano m'mipingo ya Sinodi ya Nkhoma, amayi ndi abambo a m'miphakati ya Akatolika, ndi magulu ena a mipingo ndi mizikiti, amayendera odwala, kuwatungira madzi ndi kuwasesera pakhomo, osasayina paliponse. Anthu ake ndi omwewa. Munthu yemweyo amene wakana msonkhano wopanda alawansi Lachiwiri, Lachitatu umupeza akukumba manda mwaulere. Kusiyana kwake n'kwakuti maliro amawaona kuti ndi ake, pamene msonkhano uja amauona kuti ndi wa eni galimoto. Kalabu ikadziitanira yokha mlendo, pa vuto limene yalisankha yokha, msonkhano n'kukhala waufupi ndi wapafupi, funso la kusayina limachepa lokha.

6. Akatswiri ena tili nawo pa benchi pomwepa.

Mjigo wa mtundu wa Afridev, umene tikutungapo madzi m'midzi yambiri, unayambira m'Malawi momwe muno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, usanakakonzedwenso bwino ku Kenya. Anaupanga dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuumasula okha ndi zida zochepa, n'kusintha timalabala ndi tizitsulo timene timatha msanga. Komabe mijigo ingati yaima miyezi chifukwa cha kalabala kotsika mtengo, anthu akudikira kuti amene anakumba adzabwere? M'dera lililonse muli mmisiri wa mijigo amene anaphunzitsidwa ntchitoyi. Ndi kalabu iti inamuitanapo kuti akhale mlendo wolemekezeka, amasule mjigo anthu akuona, aphunzitse atsikana ndi anyamata awiri atatu?

Chimodzimodzi mayi amene nkhuku zake sizifa ndi chitopa chifukwa amatemera pa nthawi yake, mphunzitsi wopuma amene amadziwa kulemba kalata yomveka, mnyamata wa kabaza amene amadziwa njira yachidule yofikira kuchipatala usiku mvula ikugwa. Timawapeputsa chifukwa timadziwa kumene amagona. Ndikanakonda kalabu iliyonse itaika lamulo loti pakati pa alendo awiri ochokera kutali, pazikhala tsiku la membala kapena mnansi. Munthu amene wapatsidwa mpata wophunzitsa anzake amayamba kuiona kalabu kuti ndi yake, ndipo sajombajomba.

Tisaiwalenso kuti sukulu ya zaulimi ya Bunda, imene yakhala pakati pathu kuyambira m'zaka za m'ma 1960 ndipo kuyambira mu 2012 ili pansi pa yunivesite ya LUANAR, ili pamtunda woyenda pa njinga kuchokera ku Mitundu. Kumeneko kuli aphunzitsi ndi ophunzira a za nthaka, ziweto, nsomba ndi kadyedwe. Makalabu amene amalemba kalata yokapempha munthu woti adzawathandize ndi ochepa. Pepala limodzi ndi siginecha ya wapampando n'zokwanira kuyambitsa ubale.

7. Si mlendo aliyense amene wadzera ubwino wathu.

Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. N'zoona, koma kalumo komweko kamathanso kucheka. Gulu la anthu amene asonkhana kale, okhulupirirana, ena ali ndi ndalama m'bokosi, limakopa anthu a zolinga zosiyanasiyana. Wina amabwera ngati mphunzitsi wa ulimi, pomaliza n'kutulutsa mbewu yopaka utoto yosadziwika kumene yachokera. Wina amabwera ndi nkhani yoti mukaika ndalama zakuti mudzalandira kuwirikiza pakutha pa mwezi, bola mubweretse anzanu atatu. Banki Yaikulu ya dziko lino yakhala ikuchenjeza za anthu otere, koma amapezabe owakhulupirira chifukwa amalowera kwa munthu amene timamudalira. Wapampando asalole munthu kuima pamaso pa gulu asanamufunse bwinobwino kuti watumidwa ndi yani, ndipo ngati nkhani yake ndi ya mbewu, mankhwala kapena ndalama, afunse kaye alangizi a boma a m'deralo. Ndipo pasakhale kulipira kapena kusayina chilichonse tsiku lomwelo. Wachilungamo sadandaula mukamuuza kuti abwerenso sabata yamawa.

Andale nawo ndi alendo ofunika kuwasamala. Phungu ndi khansala ayenera kuitanidwa ndithu, adzafotokoze za mlatho, za ndalama za chitukuko cha dera, ndipo ayankhe mafunso. Imeneyo ndi ntchito imene tinawatuma. Koma tsiku limene kalabu yavala nsalu ya chipani, theka la mamembala limayamba kukhala kunyumba. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pofuna kukopa mavoti, ndipo kalabu yodzilemekeza isakhale njira yozembetsera zimenezo. M'gulu limodzi mumakhala a zipani zosiyana, a mipingo yosiyana, Asilamu ndi a gule. Chimene chawasonkhanitsa ndi mjigo, sukulu ndi msewu, ndipo zimenezi amagwiritsa ntchito onse.

8. Ntchito yonyansa ndiyo imapulumutsa anthu.

Kalabu yoyamba ya Rotary inayamba mu 1905 ku Chicago, pamene loya wina dzina lake Paul Harris anayamba kukumana ndi anzake atatu. Lero bungweli lili m'maiko ambiri, kuphatikizapo Malawi, ndipo limadziwika ndi nkhondo yolimbana ndi poliyo imene linaiyamba mu 1985. Koma ntchito yake yoyamba yothandiza anthu, mu 1907, inali yolimbikitsa kuti mumzindamo mumangidwe zimbudzi za anthu onse. Anthu ovala masuti anayambira pa chimbudzi.

Ife timakonda ntchito zooneka: kupereka mphatso, kudula riboni, kuvala malaya ofanana. Za zimbudzi za pamsika, za dzala, za ngalande yotuluka pa mjigo imene yasanduka thope la nkhumba, timati ndi za khonsolo. Kolera amene anayamba mu Malichi 2022 anatiphunzitsa mowawa. Anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mliri wa kolera woopsa kuposa ina yonse imene Malawi anaionapo, ndipo mu Januwale 2023 boma linachedwetsa kutsegulira sukulu m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre. Misika ngati ya Mitundu ndi Nathenje imasonkhanitsa anthu ochokera m'midzi yambirimbiri pa tsiku limodzi, amadya pamodzi chiwaya ndi zitumbuwa, madzulo n'kubwerera kwawo. Pamalo otere chimbudzi chimodzi chosasamalika chingathe kudwalitsa midzi khumi. Alangizi a zaumoyo anganene za kulorini ndi kusamba m'manja mpaka mawu kusasa, koma woti akumbire chimbudzi agogo okhala okha, awamangire mpondagiya pakhomo, ayendere zitsime mvula ikayamba, ndi mamembala a kalabu. Chimodzimodzi pamene poliyo anapezeka mwa mwana wina ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, ogwira ntchito zaumoyo anayenda khomo ndi khomo ndi katemera, koma khomo limatseguka msanga pamene wogogodayo waperekezedwa ndi munthu wa m'mudzi momwemo.

9. Ndalama za gulu ziwerengedwe anthu akuona.

Njira ya banki m'khonde inayambira ku Niger mu 1991 ndi thandizo la bungwe la CARE, ndipo nzeru yake yaikulu ili pa bokosi lija la maloko atatu. Makiyi amasunga anthu atatu osiyana, bokosi limasungidwa ndi wachinayi, ndipo silitsegulidwa pokhapokha gulu lonse litakhala pansi. Owerenga ndalama amaziyala poyera n'kutchula mokweza, aliyense n'kumva. Sikuti anthuwa amaganizirana zakuba ayi. Akudziwa kuti munthu wabwino yemwe, mwana akadwala usiku ndalama za gulu zili pansi pa pilo, amayesedwa. Maloko atatu amateteza ndalama, komanso amateteza dzina la msungichuma.

Makalabu ena onse atengerepo phunziro. Mlendo akasiya envelopu, itsegulidwe pomwepo. Akasiya mipira, mbewu kapena njinga, zilembedwe m'kope anthu akuona. Magulu ambiri amene ndawaona akutha sanathe chifukwa cha kuba kwenikweni, koma chifukwa cha manong'onong'o amene akanatha ndi kuwerenga kwa mphindi zisanu.

Pali chinanso chimene chimandivutitsa mtima. Magulu ena a banki m'khonde aiwala kuti anayamba kuti athandizane. Chiwongoladzanja chikakwera, membala akalephera kubweza, anzake amapita kukazula malata ndi kutenga mbale, mwinanso munthu n'kuthawa m'mudzi usiku. Ngongole iyenera kubwezedwa, pamenepo palibe kukangana, chifukwa ndalamazo ndi thukuta la anzake. Koma pali kusiyana pakati pa wozemba dala ndi amene wagwa m'mavuto. Thumba la zadzidzidzi lija, limene aliyense amaponyamo kangachepe sabata iliyonse, linaikidwa chifukwa cha anthu oterewa. Gulu limene pa tsiku logawana mu Disembala limapatulako pang'ono kugulira yunifolomu mwana wamasiye amene si wa membala aliyense, limenelo ndi limene ndingalitche gulu lotumikira mudzi.

10. Pothandiza munthu, tisamuvule ulemu.

Masiku ano thandizo limayenda ndi foni. Thumba la ufa lisanatsitsidwe, agogo aimitsidwa pakhomo pa nyumba yawo yakugwa, auzidwa kuti agwire thumbalo ayang'ane kuno, ndipo madzulo chithunzi chili pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ndikudziwa kuti amene anapereka ndalama amafuna umboni. Koma agogowo ali ndi ana ndi adzukulu, ali ndi akumpingo kwawo, ndipo umphawi wawo si chionetsero. Apempheni kaye, ndipo akakana, thandizo lisabwerere. Jambulani denga limene mwafolera m'malo mojambula nkhope ya mwini wake.

Thandizo lina labwino kwambiri silijambulika n'komwe. M'midzi mwathu muli okalamba amene anasiya kuona chifukwa cha ng'ala, ndipo iwo ndi abale awo anangovomereza kuti ndi ukalamba. Chonsecho ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi, ndipo chipatala cha Nkhoma, chimene munthu wa ku Nathenje amachifika potsata M1 n'kukhotera pa Kamphata, n'chodziwika pa ntchito ya maso. Chimene chimasowa ndi munthu woti akhale pansi ndi agogowo n'kuwachotsa mantha, ndalama ya ulendo, ndi gadiyani wowaperekeza. Kalabu ya anthu 20 ingathe kuchita zimenezi popanda bungwe lililonse. Munthu amene ankatsogozedwa ndi ndodo akabwera akuyenda yekha, kamdzukulu kamene kanasiya sukulu kuti kaziwatsogolera nako kamabwerera m'kalasi.

11. Kope la mlembi liziwerengedwa, ndipo mitengo iziwerengedwa mu Okutobala.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lino limakhala m'nyengo yodzala mitengo. Alendo amabwera, mlendo wolemekezeka amadzala mtengo wake, amathirira ndi kheni yatsopano, ana asukulu amaimba, ndipo chiwerengero cha mbande chimalengezedwa. Ife a kuno nkhaniyi imatikhudza kwambiri. Nkhalango ya Dzalanyama, kumene mtsinje wa Lilongwe umachokera usanadzaze madamu a Kamuzu ku Malingunde, ikutha tikuona, ndipo aliyense wolawirira amakumana ndi njinga zolemedwa ndi matumba a makala zikulowera mtauni. Okwera njingazo si adani athu, ndi abale athu amene akusaka chakudya, ndipo ogula makalawo ndi omwe aja amabwera kudzatiphunzitsa za chilengedwe. Choncho kudzala mitengo n'kofunikadi.

Koma mbande imafa mu Ogasiti, mbuzi zikamasulidwa, ndi mu Seputembala, moto wa osaka mbewa ukadutsa. Pa nthawi imeneyo palibe mlendo, palibe nyimbo. Pamafunika munthu woti atchingire ndi minga, alambule udzu mozungulira, athirire m'chilimwe. Apa ndi pamene kope la mlembi limagwira ntchito. Pa tsiku lodzala palembedwe kuti mzere wakuti ndi wa banja lakuti, ndipo msonkhano uliwonse uziyamba ndi kuwerenga zimene tinalonjezana ulendo wathawo, dzina ndi dzina, popanda kunyoza koma popandanso kulumpha. Mwezi wa Okutobala ukafika, mvula yoyamba isanagwe, gulu lonse lipite kumunda wa mitengo kuja likawerenge yamoyo. Chiwerengero chimenecho, kaya n'chokondweretsa kaya n'chochititsa manyazi, chilembedwe m'kope, ndipo mlembi atumize uthenga kwa mlendo uja anadzadzala nafe, kumuuza kuti pa mbande zimene anasiya zatsala zingati, zinazo zinafa ndi chiyani, ndiponso kuti chaka chino tikufuna mbande za mtundu wanji.